Ndani Anapha Dalaivala wa a Sternwood?

Mlembi wanuyu ali ndi chizolowezi chofotokozera anthu buku lililonse limene wawerenga, ngakhale amene sanamufunse. Koma sabata ino The Big Sleep, buku la Raymond Chandler lomwe linatuluka mu 1939, lamutseka pakamwa.

Nkhani yake imayamba bwinobwino. Ku Los Angeles, nkhalamba ina yolemera, General Sternwood, ikulemba ganyu wofufuza milandu Philip Marlowe kuti athane ndi Geiger, wogulitsa mabuku amene akufuna kuidyera ndalama ponena za ngongole za juga za mwana wa nkhalambayo, Carmen. Kufika apa mlembiyu ankatsatira zonse. Kenako Geiger waomberedwa, mtembo wake wasowa, ena ayamba kuphana, ndipo nkhani yonse yakhotera kwa mkamwini wa nkhalambayo, Rusty Regan, amene anasowa.

Mutu unazungulira, koma buku silinatsike m'manja. Nsima inazizira m'mbale. Magetsi atathima, bamboyu anapitiriza ndi tochi ya foni, chala chimodzi chitapanira masamba akumbuyo kuti azibwererako kukaona kuti Joe Brody uja ndi ndani.

Zinavuta mayi akunyumba, omwe ankamvetsera uku akusankha mpunga, atafunsa funso limodzi lokha: nanga dalaivala uja wa a Sternwood, Owen Taylor, amene anapezeka m'galimoto yomira m'nyanja, anamupha ndani? Mlembiyu anatsokomola, natsegula buku, nalitsekanso, n'kuyankha kuti mabuku akuluakulu safunsidwa choncho.

Mwayi wake ndi woti manyaziwa akugawana ndi akuluakulu. Pamene Howard Hawks ankajambula filimu ya bukuli, yomwe inatuluka mu 1946 muli Humphrey Bogart ndi Lauren Bacall, anatumiza telegalamu kwa Chandler kufunsa funso lomweli. Mwini buku anayankha kuti nayenso sakudziwa. Mmodzi mwa amene analemba filimuyo anali William Faulkner, yemwe pambuyo pake analandira mphoto ya Nobel, koma mlandu wa dalaivala unakhalabe wosazengedwa.

Chinachititsa n'chakuti Chandler anatenga nkhani zake zifupizifupi za m'magazini ya Black Mask, makamaka Killer in the Rain ndi The Curtain, n'kuzilumikiza ngati telala wosoka zigamba. Dalaivala anagwera pamsoko.

Bukuli ndi lokoma, lipezeni. Amene atulukire wopha Owen Taylor alembere kalata nyuzipepala ino msanga, chifukwa kunyumba kwa mlembiyu akudikirabe yankho.