Kuwerengetsa Njinga Zobwereka

Anzanga amene mumasunga chikwama cha pakhomo kuno ku Manchester, ndatsegula kope langa patsamba la njinga zobwereka, zija zimaima m'mbali mwa msewu kudikira aliyense wokhala ndi foni ndi khadi la kubanki. Kunyumba anandiuza kuti n'zotchipa kuposa basi. Ndinayesa kwa miyezi ingapo, ndipo ndalama iliyonse ndinkailemba.

Pamene njingazi zinabwera mu November 2021, mtengo unali wotere: kutsekula loko mapeni makumi asanu, kenako mapeni asanu pa mphindi iliyonse. Kuchokera kwathu kukafika kuntchito ndimapalasa mphindi makumi awiri. Mphindizo ndi paundi imodzi. Kuphatikiza ndi za loko, paundi imodzi ndi theka. Kupita ndi kubwera, mapaundi atatu. Basi ndi mapaundi awiri ulendo umodzi, kupita ndi kubwera anayi. Ndiye kuti njinga imandisungira paundi imodzi patsiku, asanu pasabata, makumi awiri pamwezi. Yamagetsi musaiyang'ane: kutsekula ndi paundi imodzi, mphindi iliyonse mapeni khumi, ndipo ngakhale imandifikitsa m'mphindi khumi ndi zisanu, imadya mapaundi awiri ndi theka. Basi yaposedwa ndi mapeni makumi asanu, ndipo basi ili ndi denga.

Mapaundi makumi awiri aja ndi a munthu wovala kale. Ine ndinagula chipewa choteteza mutu, mapaundi khumi ndi asanu. Jekete la mvula, makumi awiri. Buluku la mvula, khumi. Magolovesi, asanu. Zonse makumi asanu. Kuti ndalamayi ibwerere, miyezi iwiri ndi theka. Koma pamasiku makumi awiri a ntchito ndinawerenga asanu ndi limodzi amene mvula kapena chisanu chinandikweza basi, jekete lili m'chikwama. Atsala masiku khumi ndi anayi. Mwa amenewo, awiri ndinapeza poimikapo njinga pali mbee. Ndinayenda mpaka poimikapo pena, napo mbee, ndinathamangira basi, n'kufika mochedwa ndi mphindi khumi ndi zisanu. Mphindi zimenezo pamalipiro anga ndi mapaundi atatu. Kawiri, asanu ndi imodzi. Masiku opalasa atsala khumi ndi awiri, ndiwo mapaundi khumi ndi awiri. Kuchotsapo za kuchedwa, phindu la mwezi ndi mapaundi asanu ndi imodzi. Zovala zija tsopano zibwerera pakatha miyezi isanu ndi itatu ndi masiku ena. Magolovesi anang'ambika mwezi wachisanu. Onjezanipo mwezi wina.

Mnyamata wathu wachisamba anatenga imodzi Loweruka lina kupita kwa mnzake. Poopa kuti potuluka sakaipeza, anailowetsa kumpanda osatseka ulendo pafoni. Anacheza maola atatu. Maola atatu pa mapeni asanu mphindi iliyonse ndi mapaundi asanu ndi anayi, loko padera. Phindu la mwezi ndi theka linathera pa macheza amenewo. Sindinamukalipire kwambiri, chifukwa mantha ake ndi omwewo amene ine ndimadzuka nawo mamawa.

Izi ndi za khomo limodzi. Kope la mzinda ndi lolemera kuposa langa, ndipo ndaphunzira kuti nalonso limatsekedwa ndi ndalama za m'thumba mwathu.

Njinga zoyamba zamtunduwu zinafika kuno mu June 2017 ndi kampani ya ku China yotchedwa Mobike. Zinalipo 1,000, zosafuna poimikapo: umaisiya pamene wafika. Theka la ola linali mapeni 50, ndipo chikole chinayambira pa mapaundi 29, omwe ndi maulendo 58 olipiriratu munthu asanapalaseko. Zina zinapezeka m'ngalande, zina zitathyoledwa maloko, zina zili kuseri kwa nyumba za anthu. Kampaniyo inanena kuti m'chilimwe cha 2018, pa njinga khumi zilizonse imodzi inkabedwa kapena kuwonongedwa mwezi uliwonse. Mu September 2018 inanyamula zotsalazo n'kuchoka, patatha miyezi 15. Za 2021 zija zinabwera ndi poimikapo pake ndiponso ndi ndalama za boma kumbuyo kwake. Pofika mu June 2023, zimene zinkadikira makaniko zinali zambiri kuposa zimene zinali pamsewu, ndipo kenako malo ena oimikapo anatsekedwa kwa kanthawi.

Tiwerengetse njinga imodzi yokha yogwera m'ngalande. Malipiro otsikitsitsa a munthu wamkulu kuno anafika pa mapaundi 12.21 pa ola mu April 2025. Ola limodzi la wantchito mmodzi ndi maulendo anga asanu ndi atatu. Kukaivuula pamafunika anthu awiri ndi galimoto: maulendo khumi ndi asanu ndi umodzi, mafuta a galimoto osawerengera. Makaniko akhale nayo maola awiri, asinthe tcheni, mabuleki ndi loko: maulendo enanso khumi ndi asanu ndi umodzi, zitsulozo osawerengera. Maulendo makumi atatu ndi awiri. Ine pamwezi ndimapalasa makumi awiri ndi anayi. Ndalama zanga zonse za mwezi sizikwanira kubweza pamsewu njinga imodzi imene mwana wina anaikankhira m'madzi kwa mphindi imodzi.

Ndipo pali ntchito ina imene imadya ndalama ngakhale pasapezeke wakuba ndi mmodzi yemwe. Mamawa tonse timalowera kumodzi, m'tauni. Njinga zimadzaza kumeneko, kwathu n'kutsala mbee. Kuti wina amene akunyamuka mochedwerapo aipeze, galimoto iyenera kuzikweza n'kuzibweza. Madzulo chimodzimodzi, mobwerera. Dalaivala ameneyo amalipidwa pa ola, ine ndimalipira pa mphindi.

Apa ndimakumbukira wakabaza wa kumudzi. Njinga yake nayonso ndi ya aliyense amene ali ndi ndalama ya ulendo. Koma loko ndi iyeyo, mlonda ndi iyeyo, womata chubu ndi iyeyo, ndipo akakutsitsa amaibwezera yekha pasiteji ndi miyendo yake. Ntchito zinayi pa munthu mmodzi, chikole palibe, foni sikufunika. Kabaza amatchipa chifukwa thukuta la munthuyo timaligula motsika, ndipo zimenezo sindiziyamikira. Koma zimasonyeza chimene makampani aja anachotsa pa njinga: anachotsa mwini wake, n'kuyamba kulemba anthu anayi oti agwire ntchito yake.

Ku Paris njinga zobwereka zinayamba mu July 2007. Njingazo, zotchedwa Vélib', zinafika 20,600, ndipo kampani ya JCDecaux inaziyendetsa posinthana ndi ufulu woika zikwangwani za malonda mumzindawo. Pofika 2009, pafupifupi zisanu ndi zitatu mwa khumi zilizonse zinali zitabedwa kapena kuwonongedwa. Zimenezo ndi njinga zoposa 16,000 m'zaka ziwiri. Mzinda unavomera kuti zotayika zikapitirira mlingo wina, uzilipira mayuro 400 pa njinga iliyonse. Mzinda ulibe munda. Mayuro amenewo ndi a makomo a ku Paris, opalasa ndi osapalasa omwe.

Ku London zinayamba pa 30 July 2010. Ndalama zokonzera ndi kuyendetsera kwa zaka zisanu ndi chimodzi zinayerekezedwa pa mapaundi 140 miliyoni. Gawani ndi njinga 6,000 za chigawo choyamba: mapaundi oposa 23,000 pa njinga imodzi. Si chitsulo chokha chimene chikugulidwa apo. Ndi poimikapo, makina olipirira, magalimoto, amakaniko ndi zaka zisanu ndi chimodzi za malipiro awo. Banki ya Barclays inalonjeza mapaundi 25 miliyoni pa zaka zisanu kuti dzina lake lilembedwe pa njingazo. Atsala 115 miliyoni, ogawana okwera ndi okhoma msonkho. Mu 2015 banki ya Santander inalowa m'malo, ndi mapaundi 6.25 miliyoni pachaka. Njinga za ku London zikadalipo mpaka lero, ndipo zilipo chifukwa pali amene amakwirira dzenjelo chaka ndi chaka.

Ku China kunalibe wokwirira dzenje, kunali chikole. Kampani ya ofo, imene inayamba mu 2014 pa yunivesite ya Peking, inkatenga mayuwani 99 kwa munthu aliyense, kenako 199. Iyo ndi anzake anathira njinga mamiliyoni m'misewu, aliyense kufuna kuposa mnzake, mpaka akuluakulu a mizinda anayamba kuzitolera n'kuziunjika m'mabwalo ngati milu ya mapesi. Mobike inagulidwa ndi kampani ya Meituan mu April 2018 pa madola 2.7 biliyoni. Ofo sinapeze wogula. Mu December 2018 anthu oposa 10 miliyoni anali pamzere pafoni kudikira chikole chawo. Tengani chiwerengero chotsika: 10 miliyoni kuchulukitsa ndi 99 ndi mayuwani 990 miliyoni. Khomo lililonse linataya yochepa, yoti silingapite nayo kukhoti. Ndalama zokwerera kukadandaula zikanaposa chikolecho.

Ine njingazi ndimazifuna, ndipo ndinena chifukwa chake ndi manambala omwewa. Njinga yakaunjika ndingaipeze pa mapaundi makumi asanu ndi limodzi. Loko wolimba, makumi awiri ndi asanu. Nyali, khumi. Zonse makumi asanu ndi anayi kudza asanu. Tsiku lililonse lopanda mvula ingandisungire mapaundi anayi a basi, ndipo isanathe miyezi iwiri ndalamayo yabwerera. Koma timakhala pansanjika yachitatu, m'khonde saloleza kuika kanthu, ndipo panja njinga sigona kawiri. Ambiri mwa inu mukukhala chimodzimodzi. Kwa ife, njinga yobwereka ndiyo yokha imene kubedwa kwake sikulembedwa m'kope lathu usiku womwewo.

Choncho sindikana kuti mbali ina ya msonkho wanga ipite kumeneko. Basi ya mapaundi awiri ija nayonso ili ndi sabuside, ndipo palibe amene amabisa. Chimene ndikupempha n'chakuti za njinga nazonso zilembedwe poyera: ulendo umodzi umadya zingati, wokwera amapereka zingati, zotsalazo akupereka ndani. Ndipo ngati tikulipira tonse, poimikapo pafike kumene kumakhala anthu oyamba ntchito 6 koloko mamawa, ndipo galimoto yobweza njinga ija iziyambira kumeneko. Masiku awiri a kuchedwa aja atachoka, phindu langa lingakwere kuchoka pa mapaundi asanu ndi imodzi kufika pa khumi ndi anayi.

Mwezi uno pamzere wa njinga ndalembapo mapaundi asanu ndi imodzi. Asanu ndagulira magolovesi. Yatsala imodzi, ndaisamutsira pamzere wa ufa.