Pepani akatswiri, ndingofunsako

Za makompyuta ine sindidziwa zambiri, choncho mundikhululukire ngati mafunso angawa akumveka achibwana. Koma nkhani ya pa 19 Julayi 2024 imandizunguzabe mutu, ndipo aliyense wondifotokozera amangondiwonjezera mafunso.

Tsiku limenelo, Lachisanu, makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni anangoti zii, sikirini n'kusanduka yabuluu. Chiwerengerochi anapereka ndi a Microsoft eni ake. Ndege zinakanika kunyamuka, wailesi ya kanema ya Sky News ku Britain inasiya kuulutsa kwa kanthawi, madokotala ambiri ku England analephera kuona mbiri ya odwala awo, ndipo m'mabwalo ena a ndege ku India ziphaso zokwerera ankachita kulemba ndi bolopeni. Anthu anathamangira kuganiza za akuba a pa intaneti. Koma ayi, akuti inali pulogalamu yotchedwa Falcon, ya kampani ya CrowdStrike ya ku Austin, Texas, imene makampani amagula ndi ndalama zankhaninkhani kuti iwateteze kwa akuba omwewo. Ndiye ndifunse: alipo wakuba amene anagwetsapo makompyuta ochuluka chonchi m'mawa umodzi?

Akuti Falcon imakhala mkatikati mwenimweni mwa Windows, pamalo otchedwa kernel, kuti izitha kuona chilichonse chochitika. Pulogalamu wamba ikaphonya imangotsekeka yokha, koma ya pamenepo ikaphonya, kompyuta yonse imagwa nayo. Izi ndamva. Chimene sindikumva n'chakuti, ngati malowo ndi oopsa motero, bwanji zinthu zatsopano zinkalowako mosavuta chonchi?

Cholakwika chenichenicho n'chochititsa manyazi kuchitchula. Kampaniyo inatumiza kafayilo katsopano, kamene inakatcha Channel File 291, kouza Falcon zinthu zoti izifufuza. Malamulo a m'kafayiloko ankayembekezera zinthu 21, pamene pulogalamuyo inkapereka 20 zokha. Itafuna kuwerenga cha nambala 21, inakagwira pamalo pamene sinayenera kugwira, kompyuta n'kugwa. Ikadzuka, n'kuwerenganso kafayilo komweko, n'kugwanso. Kodi kusiyanitsa 20 ndi 21 si masamu a sitandade 1? Akatswiri amati panali pulogalamu ina yoyeza mafayilo oterewa asanatumizidwe, koma nayonso inali ndi vuto, moti inavomereza. Nanga woyeza woyezayo anali ndani? Kapena ndafunsa zopitirira?

Pamene pamandisowetsa mtendere kwambiri ndi apa. Kafayiloko kanatumizidwa kwa makasitomala onse nthawi imodzi. Mayi wophikira anthu a pa ukwati amayamba walawa kaye ndiwo asanagawe, kuopa kuti mchere ukawawa awawitsa mudzi wonse. Bwanji a CrowdStrike sanayambe ndi makompyuta ochepa, n'kudikira pang'ono kuti aone ngati akupumabe, kenako n'kupitiriza? Ndikumva kuti njira imeneyi si yachilendo, makampani ambiri a mapulogalamu amaigwiritsa ntchito kalekale, ndipo a CrowdStrike nawonso analonjeza kuti aziitsatira pa mafayilo oterewa ngoziyo itachitika kale. Amati ankafulumira chifukwa akuba sadikira. N'zoona, sadikira. Koma kodi chipatala chimene makompyuta ake azima chatetezedwa ku chiyani?

Kampaniyo inazindikira msanga, n'kubweza kafayiloko patangotha mphindi 78. Ine ndikanayembekezera kuti nkhani ithera pomwepo. Koma kompyuta yoti ikugwa isanalumikizane ndi intaneti ilandira bwanji mankhwala obwera pa intaneti? Zinatengera anthu kuyenda ndi miyendo, kompyuta imodziimodzi, kuiyatsa mwa njira yapadera ya Safe Mode n'kufufuta kafayiloko pamanja. Pamene kompyutayo inali yokhomedwa ndi BitLocker, munthu ankayenera kulemba kaye kiyi ya manambala 48, osaphonya ngakhale imodzi. Ndipo a Microsoft ananena kuti kwa ena zinkatheka akazimitsa ndi kuyatsa mobwerezabwereza, mwina mpaka ka 15. Zoona anthu ophunzira chonchi, nzeru yomaliza n'kukhala yozimitsa ndi kuyatsa?

Za kupepesa ndingodutsapo. Kampani ya CrowdStrike inatumizira ena ogwira nayo ntchito makuponi a madola 10 ogulira chakudya pa Uber Eats, pamene kampani ya ndege ya Delta inkawerenga maulendo pafupifupi 7,000 olephereka, ndipo pambuyo pake inakasuma kukhoti ponena kuti inataya madola oposa 500 miliyoni.

Funso lomaliza ndi lokhudza nambala ija. A Microsoft anati makompyuta 8.5 miliyoniwo sanakwane ngakhale 1 peresenti ya makompyuta onse a Windows. Ngati ochepa chonchi anaimitsa ndege, mabanki ndi zipatala m'mayiko ambirimbiri, ndiye kuti ntchito zofunika kwambiri zonse zatsamira pa makampani angapo okha. Anagwirizana zimenezi ndani, ndipo anafunsa yani?

Inu amene mumayang'anira makompyuta a kubanki, kuchipatala kapena ku ofesi ya boma, tandiyankheniko mwachidule: kafayilo katsopano kakabwera usiku uno, kayamba kuyesedwa pa kompyuta imodzi, kapena kalowa m'onse nthawi imodzi?