Ukhoswe wa Pampanda

Anthu akwathu amene sadapondepo kuno ku Mangalande amayesa kuti Mngerezi sadziwa kukangana, popeza amva kuti iye apepesa ngakhale kwa munthu amene wamuponda chala, nathokoza woyendetsa basi amene wamuchedwetsa ola lathunthu. Koma ine, amene ndatha zaka zambiri m'kamsewu kena ka nyumba za njerwa zofiira zogundana khoma ndi khoma, m'tauni ina ya pakati pa dzikoli, ndichitira umboni kuti mkangano aukonda monga aukondera munthu aliyense wobadwa mwa mkazi, kungoti iye auphika pamakala, chivundikiro chili pomwepo, kotero kuti mlendo angathe kudutsa pakhomo osadziwa kuti mphika uli kuwira.

Moyang'anana ndi nyumba yanga muli nyumba ziwiri, ina ya nkhalamba yomwe idapuma ntchito ya m'fakitale, ina ya mayi wamasiye amene adali mphunzitsi. Ndipo pakati pa timabwalo tawo, tomwe kukula kwake sikuposa mphasa ziwiri, pali mpanda wa zitsamba wofika m'chiuno. Kwa zaka zosawerengeka nkhalambayo inkameta mpandawo mbali zonse ziwiri, mayiyo nabwezera ulemuwo ndi keke, ndipo m'mawa uliwonse ankadandaulira limodzi za mvula, pakuti kudandaula za nyengo ndiwo moni wa anthu a kuno. Maina awo enieni ndiwasunga. Amayi akunyumba kwanga adawatcha aTituluke ndi aTikhalebe, pa chifukwa chimene chidziwike posachedwa.

Owerenga adziwe kuti dziko la Britain lidalowa m'mgwirizano wa malonda wa maiko a ku Ulaya ngati mkamwini wofunsira movutikira. Kawiri konse, mu 1963 ndi mu 1967, Charles de Gaulle wa ku France adalibweza pachipata; lidaloledwa mu 1973, ndipo patangopita zaka ziwiri lidafunsa kale anthu ake ngati banjalo lipitirire, anthu awiri mwa atatu alionse navomera. Komabe adali mkamwini wosamasula mtolo wake: nsima ya pamudzipo ankadya, koma ndalama ya yuro adaikana nasunga paundi yake m'thumba, ndipo pa msonkhano uliwonse wa pabanja ankakhala chakukhomo. Tsono nduna yaikulu David Cameron, pofuna kuziziritsa phokoso la m'chipani chake chomwe, adaganiza zofunsanso mtundu wonse pa 23 June 2016, ali nacho chikhulupiriro chonse kuti adziwa kale yankho.

Apa ndipo ndidaona ulemu umene sindidauonepo chifikire. Lamulo la kuno lilola nzika za maiko a Commonwealth zokhala m'dzikoli kuponya voti. Motero ine Mmalawi ndidali nayo mphamvu yogamula za ukwati wa eni ake, pamene mmisiri wa mipope wa ku Poland wa pakona, amene mlanduwo udamukhudza mpaka m'mphika, adalibe. Nkhalamba ija, imene kwa zaka zonsezo inkangondigwedezera mutu, idaoloka msewu tsiku lina madzulo, chipewa chili m'manja.

"Bambo," idatero, "mwaiona basi yofiira ija pa kanema? Mapaundi 350 miliyoni sabata iliyonse tikupatsa akuluakulu a mgwirizanowu ku Brussels, ndalama zoti zikadapita ku zipatala zathu. Ndipo alendo achuluka m'dziko muno." Idaima pang'ono, niyang'ana nkhope yanga, makutu ake nafiira. "Sindikunena inu ayi, bambo. Inu ndinu athu. Ndikunena enawo."

Ndidathokoza chifukwa cha kukwezedwa kumeneku. M'mawa mwake kudabwera aTikhalebe ndi keke m'mbale ndi mtolo wa timapepala, nandifotokozera kwa ola lathunthu, monga ankachitira ndi ana a sukulu, kuti pafupifupi theka la katundu amene dzikoli ligulitsa kunja lipita ku Ulaya komweko, ndi kuti chiwerengero cha pa basi chija chidaiwala ndalama zimene zimabwerera. Amayi akunyumba adalandira kekeyo ndi manja awiri, ndipo mlendo atatuluka adati, "Abambo, mlendo ndi mame. Kekeyi tidye, koma pakamwa panu pakhale potseka." Uphungu umenewu ndausunga kufikira lero, ngakhale kuti mumtima ndidaseka pokumbukira zimene agogo ankasimba za Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, pamene Angerezi omwewa ankatilangiza kuti dziko laling'ono siliima palokha, ife n'kutulukabe mu 1963.

Kutacha pa 24 June zidamveka kuti anthu 17.4 miliyoni afuna kutuluka, ndipo 16.1 miliyoni afuna kukhala. England ndi Wales adati tipite, Scotland ndi Northern Ireland adati tikhale. Ndipo Cameron, amene adatsekula chitseko, adalengeza m'mawa womwewo kuti atula pansi udindo, kusiyira ena mphepo yolowa m'nyumba. Ndidayembekeza kuti m'kamsewu kathu mumveka mfuu kapena maliro, monga zikadakhalira kwathu. Mudali zii. Koma Loweruka lotsatira ndidaona nkhalamba ija itatulutsa chometera chake, nimeta mpanda mbali yake yokha, ndipo pamwamba idameta kufika pakati penipeni, mowongoka ngati yayeza ndi chingwe cha mmisiri. Mbali ya aTikhalebe idatsala nyankhalala. Keke idaleka kuoloka. Moni adatsala, pakuti Mngerezi angakumane ndi wakupha atate wake sangamumane moni, koma adali moni wouma wopanda mawu a mvula, chimene kuno chilingana ndi kumana mnzako moto. Pa Khirisimasi adatumizirana makadi monga mwa mwambo, aliyense atangolemba dzina lake lokha.

Kuyambira pamenepo ndidasanduka nkhoswe wosasankhidwa. "Bambo, mukawaona a khomo linalo muwauze kuti bini lawo latsekereza njira." "Bambo, muwauze kuti phukusi lawo lidasiyidwa kwa ine, ndipo akhoza kulitenga nthawi imene ufulu wawo watsopano uwalola." Mawu otere ndinkawasenza kuoloka nawo mtunda wa mapazi khumi, ndikuwachotsa minga panjira, pakuti sindidafune kukhala Kandimverere.

Ku London nako zinthu zidayenda chimodzimodzi, kungoti kumeneko ankalipidwa. Theresa May, nduna yaikulu yatsopano, amene mwiniwake adavotera kukhala, ndiye adapatsidwa ntchito yotulutsa mtundu, ndipo atafunsidwa tanthauzo la Brexit, dzina la kutulukako, adayankha kuti Brexit ndi Brexit, yankho limene mwana wa sukulu akadalipereka akadagwada panja. Kalata yosudzula adaitumiza pa 29 March 2017, nayamba kukambirana ndi nkhoswe ya kuchikazi, Michel Barnier, za ngongole ya mapaundi pafupifupi 39 biliyoni, za anthu okhala kwa eni mbali zonse ziwiri, ndi za malire a pachilumba cha Ireland, otalika makilomita ngati 500, amene aliyense adalumbira kuti sadzaikapo chipata chifukwa cha mwazi umene udakhetsedwa kumeneko kale, ngakhale kuti kutuluka mumsika kutanthauza chipata. Pangano atabwera nalo ku Nyumba ya Malamulo pa 15 January 2019, aphungu 432 adalikana, 202 okha nalivomera. Adabwera nalonso kachiwiri ndi kachitatu, nalikanabe. Ulendo wachitatuwo usanafike, aphunguwo adati, tisiyeni tisankhe tokha. Ndipo pa 27 March adaika patebulo njira zisanu ndi zitatu, kuyambira kutuluka chimanjamanja kufikira kusatuluka konse, nazikana zonse zisanu ndi zitatu usiku umodzi.

Masiku amenewo amayi akunyumba adaleka kuonera masewero a ku Nigeria, nati a ku Nyumba ya Malamulo ya ku Westminster aposa. Ankakonda makamaka Sipikala John Bercow, amene ankakuwa kuitanitsa bata mpaka mitsempha ya m'khosi kuoneka, akuluakulu ovala masuti akubuula ngati ng'ombe za padibi. "Abambo," adandifunsa usiku wina, "kodi anthu amenewa si omwe adabwera kudzatiphunzitsa kayendetsedwe ka boma?" Ndidati ndi omwewo. "Nanga kwawo kuno alibe ankhoswe? Kwathu banja likatha, akuluakulu akhala pansi pa mtengo, agawa mbale ndi mbuzi, dzuwa lisanalowe mwamuna wanyamula mpasa wake. Uyu watsazika kale katatu, koma akali pakhomo kufunsa ngati ndiwo zapsa." Sadaname, pakuti tsiku lotuluka lidasunthidwa kuchoka pa 29 March kupita pa 12 April, kenaka pa 31 October, kenakanso chaka chotsatira.

Mantha a kutuluka popanda pangano atafalikira, ndi mbiri yakuti malole adzaima mzere wautali pa doko la Dover zakudya zikuolera m'katimo, Angerezi adatulukira chinthu chimene agogo athu adachidziwa kalekale, ndicho nkhokwe. aTikhalebe adandiitana kuti ndikawathandize kukhoma mashelefu kunsi kwa masitepe, ndipo ndidaona ndi maso anga zitini za nyemba ndi za matimati zitasanjidwa monga mwa masiku ake othera, mafuta a azitona mabotolo khumi ndi awiri, mpunga, makandulo, chakudya cha mphaka, ndi mapepala a kuchimbudzi ofika kudenga, zonse zitalembedwa m'kabuku ndi dzanja la mphunzitsi, ngati Yosefe akukonzekera zaka zisanu ndi ziwiri za njala. aTituluke atamva adaseka mpaka kutsokomola, nati mtundu umene udapirira mabomba a Hitler sungaope kusowa kwa matimati, ngakhale kuti iwo nkhondoyo idatha asanabadwe. Patapita sabata adandipempha kuti ndiwagwirire makwerero m'galaja mwawo, ndipo kuseri kwa matayala akale ndidaona makatoni anayi a tiyi ndi zitini za nyama zosawerengeka, zitafunditsidwa bulangete. Tidayang'anana. Adati nyengo ikuoneka ngati isintha, ine ndidavomera kuti isinthadi.

May adatsazika akulira pakhomo la nambala 10 Downing Street, nalowa Boris Johnson wa tsitsi losapesa, mmodzi wa eni basi yofiira ija, amene adalumbira kuti kuli bwino apezeke atafa m'ngalande kusiyana ndi kupempha kuti tsiku lisunthidwenso. Adatseka Nyumba ya Malamulo, oweruza 11 a bwalo lalikulu nagamula onse pamodzi kuti kutsekako n'kosaloledwa. Ndipo tsiku litayandikira kalata yopempha nthawi adaitumiza ndithu, koma osasainira, monga mwana wotumidwa kukapepesa amene anena mawuwo akuyang'ana kumbali. M'ngalande simudapezeke munthu. Ndalama zachitsulo za 50 pensi zimene zidasulidwa ndi deti la 31 October 2019 zidabwezedwa kung'anjo. Atapambana chisankho cha December chaka chomwecho, dziko lidatuluka pa 31 January 2020 nthawi ya 11 koloko usiku, pakuti imeneyo ndiyo pakati pa usiku ku Brussels. Ngakhale ola la ufulu lidawerengedwa pa wotchi ya apongozi.

Usiku umenewo kunja kudali chinyezi. aTituluke adatuluka ndi makombola atatu a chikondwerero, awiri nalira, limodzi nilingofuka utsi. aTikhalebe adayatsa kandulo imodzi ya m'nkhokwe ija naiika pawindo, nakhala kumbuyo kwake ngati mfedwa. Pasipoti ya buluu imene nkhalambayo idailakalaka zaka zonsezo itafika, idabwera nayo kwathu kudzandionetsa, ikuisisita ngati mwana wakhanda. Ndipo sindidaone chifukwa choiuzira kuti mabukuwo asindikizidwa ku Poland ndi kampani ya Afalansa, makamaka popeza mmisiri wathu wa mipope adali atalongedza kale katundu wake kubwerera komweko, ndipo wolowa m'malo mwake amati abwera Lachiwiri osanena la mwezi uti.

Mu September 2021 mafuta a galimoto adasowa m'mapampu chifukwa cha kuchepa kwa oyendetsa malole, ena nati ndi Brexit, ena nati ndi mliri wa korona, aliyense monga mwa voti yake. Pamenepo ine, amene ndidagonapo pamzere wa petulo ku Lilongwe mu 2011, ndidakhala mphunzitsi wa kamsewu konse: ndidawalangiza kupita m'bandakucha, kunyamula tiyi m'fulasiki, ndi kutsata thanki ya mafuta ikadutsa. Koma aTikhalebe adachedwa, kagalimoto kawo nikaumiratu pakhomo, tsiku loti akaone mchemwali wawo wodwala. Walira mvula walira matope, koma matopewo sasankha phazi.

Madzulo ake ndidamva kugogoda. Idali nkhalamba ija, itanyamula chigubu chobiriwira cha malita asanu, chimene mosakayika chidachokera kuseri kwa matayala aja.

"Bambo, mukawapatse mayiwo. Koma muwauze bwinobwino kuti sindidasinthe maganizo."

Ndidaoloka nacho. Mayiwo adachiyang'ana nthawi yaitali, nalowa m'nyumba, natuluka ndi keke yokulunga m'pepala.

"Mukawapatse, bambo. Muwauze kuti ndidaphika yambiri mwangozi, ndipo kuti adalakwitsabe."

Kuyambira tsiku limenelo moni wa mvula adabwerera, ndipo nduna zazikulu zasinthana kangapo pa Downing Street, ina osatha ngakhale masiku 50, awiriwo akudandaulira limodzi za onsewo. Za 2016 satchula. Mpanda uja tsopano aliyense ameta mbali yake, koma popeza sadagwirizanebe pamene pali malire enieni, pamwamba pamatsala kamzere kotambalala ngati chikhatho kamene wina aliyense akana kuti n'kake. Kameneko ndimameta ndine, Loweruka loyamba la mwezi, onse awiri akundiyang'ana kuseri kwa makatani.