Nyumba imwetulire kumsewu

Simenti yakweranso mtengo, koma ine sindikudandaula. Munthu amadandaula ndi chinthu chimene amagula. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba la simenti ndimangolipatsa moni m'sitolo pa Njuli, ilo n'kundiyankha ndi mtengo watsopano. John Chilembwe adamanga tchalitchi chanjerwa ku Mbombwe kwathu konkuno. Lero nkhope yake ili pa K2,000, ndipo pamafunika msonkhano wonse wa a Chilembwe kuti thumba limodzi lituluke m'sitolo.

Chavuta n'chakuti ndikugulitsa nyumba. Anthu a ku Blantyre akhamukira kuno ku Chiradzulu, ati m'tauni mapuloti adula, chikhalirecho kuchoka ku Limbe kufika kuno ndi minibasi imodzi. Dobadoba wina, wovala jekete dzuwa likuswa mtengo, adandilangiza kuti wogula amagula ndi maso asanatsike m'galimoto. "Bambo, nyumbayi imwetulire kumsewu," adatero. Ndidamulozera mng'alu wochoka pawindo kufika pansi, umene namondwe wa Freddy adatisiyira mu Malichi 2023, n'kumuuza kuti ikumwetulira kale. Sadaseke.

Mng'alu umafuna simenti. Ine ndidagula laimu.

Nzeruyi si yanga, ndidaonera kwa akuluakulu. Kukamabwera mlendo wa mdipiti wa galimoto, maenje a mumsewu amakwiriridwa ndi dothi, miyala ya m'mbali imapakidwa laimu, mitengo imavekedwa sokosi zoyera mpaka m'mawondo. Mlendo amadutsa, n'kuyamikira chitukuko. Ndiye ngati laimu amakhutiritsa mdipiti wonse, angalephere munthu mmodzi wa pa Sienta?

Ndidayamba ndi khoma loyang'ana kumsewu. Lakuseri ndidalisiya, chifukwa kumeneko kumadutsa anansi, ndipo iwo amandidziwa kale. Kenaka ndidatola miyala, n'kuindandalika kuchoka kumsewu kufika pakhonde, n'kuipaka. Laimu adatsala. Ndidapaka mtengo wa mango, wa mapeyala, khola la nkhuku, chimbudzi, ndi chitsa chimene chidandiphwanya chala chaka chatha, kuti ulendo wina chizioneka. Mtondo ndidaupaka theka, eni ake atandipezerera. Mbuzi idadzikhula pakhoma n'kuyera mbali imodzi, ndipo ndidaimangirira mbali yoyerayo itaona kumsewu.

"Abambo," adatero mayi a kunyumba, "mukamaliza mbuziyo mundiuze, ndiyambepo kuthawa."

Wogula adabwera Lachiwiri atavala suti yakuda. Miyala yanga adaiponda osaiona. Adazungulira kuseri kumene sindidapake kuja, n'kuyamba kuyeza malo ndi mapazi. Adafunsa kumene polo ya ESCOM ili, kumene timatunga madzi, ndiponso ngati lole ya mchenga ingafike nthawi ya dzinja. Ndidatsokomola, n'kumulozera khoma. Adaliyang'ana kanthawi, kenaka n'kufunsa dobadoba kuti anyamata ogwetsa kanyumbaka angafune zingati. Kanyumbaka! Poyankha foni adayedzamira khoma lomwelo, ndipo adabwerera ku Blantyre msana uli mbuu. Mpaka lero gawo la nyumba yanga limene lidapeza msika ndi lomwelo, ndipo lidapita ulele.

Koma ndisanaiwale. Freddy yemweyo amene adang'amba khoma langa adatsitsa matope m'phiri n'kukwirira nyumba ndi anthu m'mudzi wa Ntauchira kwa Likoswe. Chichitikireni zimenezo, aliyense wogwira chimkuzamawu amatiuza kuti tizimanga nyumba zolimba. Palibe amene amakonda kugona m'nyumba ya zidina zomata ndi dothi. Anthu akumanganso ndi dothi lomwe lidawagwera lija chifukwa ndi lokhalo limene silidakwere mtengo. Wotilangiza azibwera atafunsa kaye mtengo wa thumba, apo ayi malangizo akewo ndi laimu basi.

Madzulo a Lachiwiri lija kudabwera amalume a mayi a kunyumba, eni mbumba, atamva kuti pakhomo padaima galimoto. Adakhala pampando, umenenso ndidaupaka, n'kufunsa mofatsa.

"Akamwini, tamva kuti mukugulitsa. Mukugulitsa chiyani kodi?"

Ndidati nyumba. Adati nyumbayo yakhala pa chiyani? Ndidati pa dothi. Adati dothilo mudabwera nalo pobwera kudzakwatira?

Tidawerengera limodzi katundu wanga, ndipo sizidatitengere nthawi: malata, chitseko, mawindo awiri ndi ndowa ya laimu wotsala. Izi adati ndigulitse tsiku lililonse limene ndafuna, palibe adzandiletse. Ntchito yopaka yokha adaiyamikira kwambiri, adati pamudzi pano sipadaonekepo mkamwini wa dzanja lotere. Loweruka ndikukapaka chimbudzi cha apongozi, ndipo akuti ndipake mbali zonse zinayi.