Ofuna kulemera pa Kasakula aphunzire galoni

Wamalonda amene akukhomabe ndowa kunsi kuti itukumuke, soya wa mlimi alowemo wambiri, watsalira. Ilipo njira yaukhondo yosafuna nyundo, ndiyo galoni. Kukoma kwake n'kwakuti magaloni alipo awiri koma dzina ndi limodzi: ya ku Britain ndi malita 4.546, ya ku America ndi malita 3.785. Ndiye popikula mafuta ophikira kapena petulo ku Mponela, kakamirani kuti akuyezereni yachingerezi, poti Angerezi ndiwo anatilamulira mpaka 1964. Mukakwera nawo mapiri kufika kuno, wakabaza mafuta atamuthera pachitunda, sandukani Mmereka pomugulitsa. Pa galoni iliyonse mwatsala ndi mamililita 761, mabotolo awiri ndi theka a Fanta, osanamapo ngakhale liwu limodzi.

Wina anena kuti wogula si mwana, adzakayika. Akayike, inu lumbirani pamaso pa anyakwawa kuti galoni yanu ili ndi ma quart anayi, ndipo mlandu sudzakugwirani chifukwa onse awiri ali ndi anayi. Chongobisa n'chakuti quart ya ku Britain ndi mamililita 1,136 pomwe ya ku America ndi 946, ina yaposa lita, ina yaperewera. Chigubu chachikasu cha malita 20 chikhale magaloni 4.4 mukamagula, 5.3 mukamagulitsa. Musachite manyazi, ngakhale mgolo wa mafuta womwewo ena amautcha wa magaloni 44, ena 55, ndipo sanamenyanepo.

Otsutsa enanso ati dziko lino limayendera lita, ndipo a Malawi Bureau of Standards amayendera masikelo ndi mapampu. N'zoona, n'chifukwa chake lita muziithawa. Ndi yaliuma: mamililita 1,000 ku Ntchisi, 1,000 ku Dowa, mvula igwe kapena ing'ambe, moti kamwana ka pulayimale kangathe kukuchititsani manyazi pamsika ndi chala chabe pafumbi. Phindu lingachokere kuti pa muyeso womveka ndi aliyense?

Malo amodzi okha nzeruyi muisiye pakhomo. Posungunula mankhwala opopera chimanga chanu mu sipuleya ya malita 16, tsatani mamililita olembedwa pabotolo, osaonjeza, osachepetsa. Mbozi sizinenerera, ndipo mukaziyezera yachimereka zidya munda wonse mpaka m'malire.