Kalata Yochokera ku Joni: M'buku Muli Mangolomera, Mufilimu Mulibe

Rosettenville,
Johannesburg.

Wokondedwa mng'ono wanga,

Ine kuno ndili gwa, kungoti chisanu cha ku Joni chilibe chibale, chimalowa mpaka m'mafupa ngakhale uvale majekete awiri.

Uthenga wako wa pa WhatsApp ndaumva. Ukuti ndikutumizire foni yaikulu ndi ndalama ya bandulo chifukwa mabuku a kusukulu ndi aatali, ndipo mnzako wina wanzeru wakuuza kuti buku lililonse lotchuka lili ndi filimu yake, ndiye munthu ungoonera maola awiri basi n'kukalowa m'mayeso. Ndinaseka mpaka galu wa abwana anayamba kuuwa. Nkhani imeneyi pafoni sitingaimalize, n'chifukwa chake ndatenga cholembera. Khala pansi, mwana wa amayi.

Ukudziwa kuti ntchito yanga ndi ya ulonda, ndipo usiku wa mlonda sutha msanga. Anzanga amautha pobetcha mpira, ine ndimautha ndi mabuku akale omwe ndimagula kwa anyamata oyala malonda pansi kufupi ndi Park Station, ena pamtengo wa buledi. Lamlungu timasonkhana m'chipinda chathu kuonera mafilimu pa laputopu ya mnzathu wa ku Mangochi. Choncho pa mlandu wa buku ndi filimu, mkulu wakone ndakhala pabwalo mbali zonse ziwiri.

Tiyambe ndi ya kwathu ku Kasungu. William Kamkwamba wa ku Wimbe analemba buku lake lija, The Boy Who Harnessed the Wind, mothandizana ndi mtolankhani wa ku America, Bryan Mealer, ndipo linatuluka mu 2009. Filimu yake inabwera mu 2019 pa Netflix. Anaikonza ndi Chiwetel Ejiofor, amene anadzipatsanso udindo wokhala bambo ake a William, a Trywell. Tsiku loonera chipinda chinadzaza, ena anakhala pa zigubu, ena pa sutikesi. Tinaphika nsima ya mapazi a nkhuku, mitima ili m'mwamba kuti lero timva chilankhulo chathu pa kanema wa dziko lonse. Bambo Trywell atangotsegula pakamwa, chipinda chonse chinati zii. Wa ku Mangochi uja anaimitsa filimu n'kunditembenukira: "Akulu, inu ndinu a ku Kasungu, tatiuzani, Chichewa chimenechi n'cha mudzi uti?" Mapeto ake tinayamba kuwerenga mawu a Chingelezi olembedwa m'munsi aja kuti timve Chichewa chathu chomwe.

Usadabwe. Bambo ndi wobadwira ku London kwa makolo a ku Nigeria, mwana ndi Maxwell Simba wa ku Kenya, mayi ndi Aïssa Maïga wobadwira ku Senegal n'kukulira ku France. Pakhomo ponse paja amene ankamveka kuti anakulira nsima ya mgaiwa ndi Lily Banda, yemwe anali Annie, mlongo wake wa William. Amfumu a m'mudzimo ndi Joseph Marcell, uja anali wantchito wa m'nyumba mu The Fresh Prince of Bel-Air. Mnzathu wina amene amasita zovala za azungu ku Sandton atamuzindikira anaomba m'manja, ati zamupatsa chiyembekezo kuti nayenso tsiku lina adzavala chilemba.

Amene anatidula pakamwa ndi mnzathu wa ku Zimbabwe. Anati: "Mukumuseka munthu amene anavutika kuphunzira chilankhulo chanu n'kukajambula filimu kwanu komweko? Nanga inu mwakhalitsa kuno, Chizulu chanu chili pati? Mukangopereka moni mutekisi, dalaivala amadziwiratu mtundu wa pasipoti yanu." Palibe anayankha. Aliyense anangoyang'ana mbale yake.

Koma za kalankhulidwe n'zazing'ono. Mvetsera apa, chifukwa ndi pamene mnzako wanzeru uja angakugwetsere m'dzenje. Mufilimu, makina a mphepo amene William anapanga amapopa madzi pachitsime, anthu n'kuthirira mbewu njala ili pakati, mudzi n'kupulumuka, nyimbo n'kulira, ife n'kupukuta misozi. M'buku sizinayende choncho. Njala ya 2001 mpaka 2002 anthu anaipirira ndi gaga ndi masamba a maungu kufikira dowe atacha. Makinawo anabwera pambuyo pake, opangidwa ndi fani ya thirakitala, mapaipi apulasitiki, njinga ya bambo ake ndi nsanja ya mitengo ya bulugama, ndipo ntchito yake yoyamba inali kuyatsa kababu kamodzi, anthu omwe ankamunena kuti wapenga ali tcheru pansi. Zopopa madzi zinadza mnyamatayo atatchuka kale, atakayankhula ku msonkhano wa TED ku Arusha mu 2007. Dayinamo nayo, mufilimu imachokera pa njinga ya mphunzitsi amene ankafunsira Annie, pamene m'buku anamugulira ndi mnzake Gilbert, mwana wa amfumu. Litakhala buku la mayeso limeneli, iwe n'kukalemba za mpope wopulumutsa mudzi, wochonga adzadziwa pamzere woyamba kuti unali ku vidiyo.

Ndipo zokoma zenizeni anazisiya m'buku. Mufilimu William ndi mwana wofatsa, wamaso achisoni, woti ungamupatse makiyi a tchalitchi. M'buku ndi mnyamata wa kwathu weniweni. Anatafuna chingamu chomwe anzake anatola chitagwa pa njinga ya wamalonda, ndiye atamva kuti mwini wake wapita kwa sing'anga, mantha anamugwira mpaka bambo ake anakalipira. Ulendo wina analola mnzake kumutema mphini m'zala kuti akhale ndi mangolomera, n'kukaputa dala ndewu kuti ayese mankhwalawo, ndipo anamukuntha bwino lomwe. Pamenepa ndinaseka ndekha pageti pakati pa usiku, chifukwa ndinakumbukira msuweni wathu uja anabwera kunyumba diso lili tupi akuti mankhwala anali asanakhwime. Palinso galu, Khamba. Mufilimu amangofa ndi njala. M'buku mwini wake amamutengera kuthengo, kumumangirira kumtengo n'kumusiya komweko, popeza panalibenso choti amupatse. Tsamba limenelo ndinaliwerenga pang'onopang'ono. Amene anaiona njala ija akudziwa kuti sinkangopha. Inkachititsa munthu zinthu zoti sadzazinena pagulu. Filimu inatichitira chifundo pamenepo, buku silinatero.

Ndingowonjezera kuti tsiku loonera filimu lija, makina aja atangoyamba kuzungulira, magetsi kuno anazima, batire la laputopu nalo linali litatha. Tinakhala mumdima amuna akuluakulu, mumzinda wa golide, kudikira kuti tione mwana wa ku Wimbe akupanga magetsi ndi zinyalala.

Yachiwiri ndi ya konkuno, Tsotsi. Buku analemba ndi Athol Fugard, linasindikizidwa mu 1980, koma nkhani yake imachitika m'zaka za m'ma 1950 ku Sophiatown, dera limene boma la tsankho linayamba kuligumula mu 1955 n'kulitcha Triomf. Filimu ya Gavin Hood ya 2005 inasamutsa nkhaniyo n'kuibweretsa m'masiku athu ano, ndi nyimbo za kwaito za Zola, ndipo inapata Oscar mu 2006. Malemu Presley Chweneyagae anasewera moti ukakumana ndi maso aja pakona, foni umapereka wekha asanaipemphe. Koma taona kusiyana kwake. M'buku, tsotsi uja amagwira mkazi usiku m'mitengo ya bulugama, mkaziyo n'kumusiyira katoni ya nsapato m'manja, kuthawa. Kutsegula muja, muli khanda. Mufilimu katoni ya nsapato inasanduka BMW: amawombera mayi pageti, kuba galimoto, khanda lili kumpando wakumbuyo. Kumapeto, filimu imamulola kubweza mwana kwa makolo ake n'kukweza manja pamaso pa apolisi. M'buku amathamangira kukapulumutsa mwanayo m'bwinja lomwe anamubisa, akatapila akugumula, chipupa n'kumugwera. Ndiye ukafunsidwa kuti Tsotsi anathera kuti, uyankha za polisi kapena za manda?

Ine monga mlonda ndili ndi dandaulo langa pa filimuyi. Nyumba yonse ija, mpanda wautali, geti loyendera rimoti, koma osalemba mlonda ngakhale mmodzi. Akanalemba Mmalawi, filimu ikanatha mphindi khumi zoyambirira.

Yachitatu ndi imene ndimaikonda kuposa zonse, Cry, the Beloved Country ya Alan Paton, ya 1948. Imeneyi ndi nkhani yathu ife matchona. M'busa wokalamba, Stephen Kumalo wa ku Ndotsheni, amalandira kalata yochokera ku Johannesburg, ndipo iye ndi mkazi wake amachita kuopa kuitsegula. Mlongo wake Gertrude anapita ku Joni, zii. Mwana wake Absalom anapita kukamufuna, nayenso zii. Mkuluyo amatenga tindalama tomwe ankasunga n'kukwera sitima. Atangotsika, mnyamata wina waulemu amadzipereka kukamugulira tikiti ya basi, amalandira paundi, n'kukhota pakona, osabweranso. Mng'ono wanga, buku lija ndi la 1948, koma adzukulu a mnyamata ameneyu adakali pantchito mpaka lero, ndipo ulemu wawo sunachepe.

Buku limeneli lili ndi mafilimu awiri odziwika bwino. Ya 1951 munali Canada Lee ndi Sidney Poitier, anthu akuda a ku America, amene kuti alowe m'dziko muno nthawi ya tsankho anachita kulembedwa ngati antchito a mzungu wokonza filimuyo, Zoltan Korda. Ukuona kuti nkhani ya mapepala ku Joni sinayambe ndi ife. Ya 1995 m'busa ndi James Earl Jones, uja mawu ake ndi a Mufasa mu The Lion King. Anasewera bwino, sindikana. Koma Kumalo amene ndinamuona m'mutu mwanga powerenga ndi nkhalamba yowonda, ya kolala yothaitha, yonjenjemera ndi magalimoto. Uyu wa mufilimu ndi chimunthu cha chifuwa chake, mawu ochokera pansi pa chitsime, woti akangoti "mwana wanga" tsotsi abweza paundi ija ndi chiwongoladzanja. Powerenga, nkhope ya m'busa uja ndinaipanga ndekha, ndipo inafanana ndi ya agogo athu aamuna. Filimu inandilanda agogo n'kundipatsa mkango.

Za Long Walk to Freedom ndingokuuza mwachidule. Buku la Mandela la 1994 ndi lonenepa moti limathandiza kutsekera chitseko mphepo ikavuta. Filimu ya 2013, momwe Idris Elba ndi Mandela, inapanikiza moyo wonsewo m'maola awiri ndi theka osakwana. Zaka 27 za kundende zimadutsa iwe usanamalize chimanga chokazinga.

Tsono mfundo yanga ndi iyi. Filimu ili ngati chithunzi chomwe ife a ku Joni timaika pa Facebook: jekete yatsopano, magalasi akuda, dzanja lili pa galimoto. Palibe bodza lenileni pamenepo, jekete ndi yathu ndithu, ndipo galimotoyo tinaigwiradi. Koma chithunzicho sichinena kuti galimoto ndi ya abwana ndipo tangomaliza kuitsuka, sichinena za chipinda chogona anthu asanu, kapena za mtima umene umagunda ukaona galimoto ya polisi. Buku ndiye kalata ngati inoyi: yaitali, yotopetsa pena, koma zonse zilimo. Wopanga filimu ali ndi maola awiri ndi anthu ofuna kubweza ndalama zawo, ndiye amadula apa, kuphatikiza apo, kukometsa mathero. Wolemba buku alibe womuthamangitsa.

Sindikunyoza filimu ayi. Amayi sangawerenge buku la Kamkwamba, koma atati aonere filimu ija angaone minda yofiira ya kwathu, gule wamkulu pamaliro ndi anthu akukanganirana chimanga, ndipo angalire ndi kuseka Chichewa chija mpaka m'mimba kuwawa. Anzanga a kuno amene ankaganiza kuti Malawi ndi dera lina la ku Zimbabwe anatidziwa chifukwa cha filimu yomweyo. Chongofunika ndi ndondomeko: yamba buku, filimu ibwere pambuyo, kuti ukamaonera uzitha kuloza pomwe adumpha. Ndipo usandiuze zokaonera yomasuliridwa m'Chichewa ku vidiyo ya pamsika, chifukwa anyamata omasulira aja amapeka nkhani yachitatu, mpaka Mandela angapezeke kuti kwawo ndi ku Ndirande.

Komanso dziwa kuti mabuku athu ambiri a Chichewa ndi oti uwerenge basi, palibe kothawira. Sikusinja ndi Gwenembe ya a Gwengwe, Nthondo ya a Ntara, amenewo filimu yake uzijambula wekha m'mutu. Tsiku lina wina akadzafuna kujambula Sikusinja, ndapempha kuti udindo wa mbalame yoimba ya m'nkhanimo adzapatse azakhali athu, popeza palibe chinsinsi chimene chinagonapo m'kamwa mwawo.

Ndiye foni yaikulu iyembekeze kaye. M'katundu amene ndatumiza pa basi ya sabata ino muli mabuku atatu, mafuta ophikira, nsapato zako ndi bulangete la amayi. Ukamaliza buku lililonse undilembere tsamba limodzi, pamanja, ndipo ndidzakufunsa mafunso omwe mayankho ake mufilimu mulibe. Ukakhoza, bandulo idzabwera pa Mukuru tsiku lomwelo.

Upereke moni kwa amayi, uwauze kuti mwana wawo sanatchone, Disembala akubwera. Moni kwa amalume, kwa azakhali ndi ana onse. Chithunzi changa chija cha pa BMW yoyera, iwe tsopano wadziwa mwini galimotoyo, koma kwa achemwali aja a kutsidya kwa dambo usanene kanthu. Iwowo aonere filimu kaye, buku ndidzawawerengera ndekha ukwati ukachitika.

Ndine mkulu wako,
Mlonda wa ku Joni.