Ndege Ithamanga, Wokwera Achedwa

Pa tikiti amalemba kuti ndege yochoka ku London imatera ku Paris pakatha ola limodzi ndi mphindi pafupifupi 20, ndipo sanama, poti mizinda iwiriyi yatalikirana makilomita pafupifupi 340 okha. Chimene salemba n'chakuti bwalo la ndege la Heathrow lili makilomita oposa 20 kuchokera pakati pa London, la Charles de Gaulle nalonso chimodzimodzi kuchokera pakati pa Paris. Onjezanipo maola awiri a pamzere, lamba mutavula, dzanja lina litagwira thalauza, lina likuika foni m'beseni, kenako kudikira sutikesi imene mwachizolowezi imatuluka pomaliza. Ola lija latambasuka kufika maola anayi. Apo n'kuti mnzanu amene anakwera sitima ya Eurostar pa siteshoni ya St Pancras m'tauni ya London atadutsa kale pansi pa nyanja, mu ngalande ya makilomita 50 imene inatsegulidwa mu 1994, ndipo pakatha maola awiri ndi mphindi 20 watsika pa Gare du Nord, m'kati mwenimweni mwa Paris.

Ena anena kuti kusitima nakonso amaona pasipoti n'kusecha katundu. N'zoona, koma mzere wake uli m'tauni momwemo. Ena ati ndege nthawi zina imatchipa, ndipo apa ali ndi mfundo, bola munthu ayende ndi kachikwama ka m'manja kokha, chifukwa pa matikiti otchipawo sutikesi ili ndi mtengo wakewake. Amene ndegeyi imamukomeradi ndi wongosintha ndege pa Charles de Gaulle popita kwina, yemwe Paris weniweniyo samuona n'komwe.